Lamulo Limene Sindinamuuze Mlendo

Ana anga, ndi inu zidzukulu zanga zimene zayamba kuwerenga, za ubwana wanga sindilembapo kanthu, chifukwa mwana aliyense wa ku Chiromo anakula chimodzimodzi: kuwedza, kuingitsa mbalame m'mapira ndi kudwala malungo. Ndiyambira pa ntchito ya galimoto, poti ndi imene mumandifunsa kawirikawiri. Mumati, "Ababa, ngati munalidi dalaivala, bwanji munakalamba mukutsegula ndi kutseka geti la panjanji?" Ena mwa inu mumaganiza kuti unali mowa. Mayi anu akanakhala moyo akanakuuzani kuti mowa ndinkamwadi, koma si umene unandichotsa pa chiwongolero.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920

Ndisanakhudze galimoto ndinagwira ntchito pa sitima ya pamadzi yoyenda mu Shire, yoponya nkhuni pamoto. Kumeneko ndinaphunzira zinthu ziwiri: kumva injini ikamadandaula, ndi Chingerezi cha pakamwa, chambiri mwa icho chotukwanira. Sitima za pamtunda zitayamba kulanda katundu, za pamadzi zinayamba kugona padoko, ife n'kutiuza kuti tikapume kaye. Ndinali nditangokwatira kumene mayi anu, ndipo apongozi anali atayamba kale kundiyang'ana cham'mbali.

Ku Chiromo kunali mzungu wina wogula thonje. Dzina lake lenileni lilibe ntchito pano. Ife tinkamutcha Tsabola, ndipo amene anamupatsa dzinalo sanalakwitse. Anali ndi lole yonyamula thonje, komanso kagalimoto kakang'ono ka denga la tenti, ka matayala opyapyala a masipoko a mtengo. Kagalimotoko ankakachititsa hayala kwa alendo ochokera kunja, amene ankatsika sitima kudzaona nyama ku dambo lalikulu lija azungu amati Elephant Marsh. Ambiri mwa alendowo ankafuna kuyendetsa okha, kuti akadzitame kwawo kuti anayendetsa galimoto m'tchire la mikango. Choncho pankafunika munthu wokhala pambali pawo, wopukusa handulo kuti injini ilire, womata matayala, wotunga madzi, womasulira mawu, ndi wowauza kayendedwe ka pamsewu wa kuno. Munthu ameneyo ndinakhala ine.

Amene anandiphunzitsa kuyendetsa ndi a Juwawo, dalaivala wa lole, mkulu wochokera ku Zambezi amene ankasakaniza Chisena ndi Chimang'anja mpaka osadziwa kuti akulankhula chiti. Ankandizungulitsa pabwalo losanjirapo thonje mpaka mutu kuzungulira. Ndikaponda mwaukali ankanditsina m'ntchafu n'kunena kuti, "Shamwali, phazi likhale laulemu. Ukali ukasiye kwa mwini wake ku ofesi uko." Tsiku limene ndinazungulira bwalo lonse osagunda belo la thonje, anangoti, "Pyadidi," n'kupita kukafwenkha fodya. Mawu oyamikira ochokera kwa a Juwawo anali amenewo basi, ndipo ndinawasunga.

Tsabola anandipatsa jekete la khaki ndi kapu, kenako anandiimika pakhonde la ofesi. "Tamvera, Alufandika," anatero. "Malamulo anga ndi awiri. Loyamba, mlendo akagwira chiwongolero, manja ako akhale pamaondo. Walipira kuti ayendetse, osati kuti uzimulanda. Lachiwiri, galimoto yanga osaisiya yokha. Kaya kwabwera mkango, kaya thambo lagwa, iwe ukhale pomwe pali galimoto. Ukadzaswa limodzi mwa awiriwa usadzapondenso pano." Ndinavomera ndi mtima wonse. Muyenera kumvetsa, ana anga, kuti masiku amenewo munthu wakuda wodziwa galimoto m'chigwa chonse chino ankalozedwa ndi chala. Ndikadutsa ndi jekete lija, amayi ankaima kusinja. Apongozi aja anayamba kunditulutsira mpando.

Chaka chachiwiri ndi chachitatu

Mlendo aliyense asanakwere ndinkamuimika pamthunzi n'kumupatsa chimene a Juwawo ankachitcha ulaliki wanga. Ndinkayamba ndi mbali ya msewu. Kuno galimoto imayenda kumanzere. Ochokera ku Mangalande ankangoyasamula, poti kwawonso n'chimodzimodzi, koma a maiko ena ankagwedeza mutu kuti amva, ndipo tikangopitirira sitolo ya mmwenye anali atabwerera kale kumanja. Ndinapeza nzeru yomangirira kansalu kofiira kumanzere kwa galasi la kutsogolo. Ndinkawauza kuti, "Bwana, kansalu aka kazikhala koyandikana ndi tchire nthawi zonse. Mukakaona kali pakati pa msewu, ndiye kuti mwasochera."

Kenako zinkabwera zina. Imbani hutala pokhota paliponse, chifukwa msewu wathu unali njira chabe, udzu wake wotalika kuposa denga la galimoto, ndipo kuseri kwa udzuwo kumatha kukhala mayi wosenza nkhuni ndi mwana kumbuyo. Mbuzi ikadutsa musathamangire, kamwana kake kali m'mbuyo. Mukafika pa mtsinje wouma imani, ine nditsike ndikaponde kaye mchenga, chifukwa pamwamba pamaoneka polimba pamene pansi pali phala. Tikayala masamba a migwalangwa n'kulowa, musaime pakati zivute zitani. Mvula ikagwa pa dothi la makande musalimbane nalo, tizingokhala mpaka kuume. Madzi akawira mu injini dikirani, musatsegule chitsekero. Mlendo wina wa ndevu zopotapota anati iye anaphunzira za injini kusukulu yaikulu, ndipo anatsegula ine ndikumuletsa. Anabwerera kwawo ndi ndevu za mbali imodzi. Chomaliza ndinkawauza kuti m'chilimwe galimoto siimikidwa pa udzu wouma, chifukwa osaka mbewa amatentha tchire osafunsa kuti muli chiyani.

Zosowa zinali zambiri. Petulo ankabwera m'madebe pa sitima, ndipo chaka china madzi atasefukira, Makhanga n'kusanduka chilumba, tinakhala nthawi yaitali osaona debe n'limodzi lomwe. Tinkasakaniza ndi parafini, galimoto n'kumatsokomola njira yonse. Machubu atatha kumatamata tinkatsendera udzu m'matayala. Mlendo wina tinabwerera naye ku Chiromo akutikankha anthu a m'mudzi, iye atakhala m'kati wagwira chiwongolero mwamphamvu, pokhota n'kumaimbabe hutala monga ndinamuphunzitsira. Sindinamuseke pamaso, koma a Juwawo atamva anagwa pansi.

Alendowa ndinkawamvera chisoni kusiyana ndi kuwada. Munthu wachoka kutali, sadziwa mtengo wa pano ngakhale umodzi, dzuwa likumupsereza, udzudzu ukumudya, ndiye alamulirenso chinthu chachitsulo pa njira imene sanaionepo. Ukali wawo wambiri unali mantha chabe.

Panali lamulo lina limene poyamba ndinkaliika mu ulaliki wanga. Inu mukulidziwa, koma ndilemba chifukwa cha zidzukulu za m'tauni. M'mudzi mukagwa maliro, anthu amathyola masamba aawisi n'kuyala modutsa msewu, uku ndi uku kwa mudziwo. Wapaulendo akaona masamba amenewo amadziwa. Wa njinga amatsika n'kumaikankha, wa chipewa amavula, woimba amaleka, ndipo galimoto imayenda ngati ikunyang'ama, kapena imaima ndithu ngati maliro ali pamsewu. Mlendo wina, nditamufotokozera zimenezi, anakazinena kwa Tsabola mwanthabwala pa chakudya, kuti munthu wanu uja amatilalikira za akufa tisananyamuke n'komwe. M'mawa mwake Tsabola anandiitana. "Anthu awa abwera kudzaona njovu," anatero, "osati kudzalira maliro anu. Ukuwaopseza. Nkhani imeneyo ichoke." Ndinaichotsa. Mumtima ndinati palibe kanthu, ine maso ndili nawo ndipo ndimakhala kutsogolo, ndikaona masamba ndizingoti bwana pang'onopang'ono, osafotokoza chifukwa. Kwa zaka ziwiri zinayenda bwino ndipo ndinadziyesa wochenjera.

Chaka chachinayi, mwezi wa Okutobala

Kunkatentha moti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Pa sitima panatsika bambo ndi mkazi wake ochokera ku Amereka. Sanabwere ndi mfuti zambiri ngati enawo. Donayo anali ndi buku lalikulu lojambulamo mbalame, ndipo mwamuna wake, munthu wamtali woseka msanga, ankangomunyamulira mabotolo a utoto n'kumamuyang'ana ngati anamukwatira dzulo. Ankandifunsa maina a mitengo n'kumawatchula mokhota mpaka tonse kuseka. Koma pa msewu, mayo ine! Kansalu kanga kofiira ankakaona, n'kukonza, tikayenda pang'ono wabwereranso. Tisanafike n'komwe kwa Muona anthu a m'njira anali atamupatsa kale dzina loti Kumanja. Nditamumasulira anaseka n'kunena kuti, "Alufandika, mutu wanga wamva, koma manja angawa ndi osamva."

Tinamanga tenti m'mbali mwa dambo, kumpoto kwa Muona. Masiku atatu oyamba anali abwino. Lachinayi dona anayamba kunjenjemera dzuwa lili pamutu. Tinamupatsa kwinini koma ankangosanza. M'mawa wa tsiku lachisanu bwana Kumanja anatuluka m'tenti nkhope ili mbuu, n'kundionetsa beseni. Mkodzo unali wakuda. Matenda amenewo ndinali nditawaonapo pa sitima ya pamadzi, ndipo mwa azungu amene ndinawaona nawo, ambiri tinawasiya m'manda a m'mbali mwa mtsinje. Ndinamuuza zoona. Ndinati chipatala chili ku Blantyre, sitima ya panjanji yokwera kumtunda idutsa pa siteshoni ya Makhanga lero dzuwa likangopendeka, ndipo ikatisiya, ina ndi ya masiku angapo kutsogolo. Masiku angapowo dona analibe.

Tinasiya tenti ndi zonse, n'kumugoneka pa mpando wa kumbuyo. Ndinapempha kuti ndiyendetse ine. Anakana. "Iwe umayendetsa ngati wanyamula mazira," anatero, "lero tikufuna liwiro." Sindinalimbane naye, poti lamulo linali loti mlendo ndiye asankha. Galimoto inkadumpha kwambiri moti dona akanagwa pampando, choncho ndinagwada pa mpando wanga nditayang'ana kumbuyo, dzanja limodzi litamugwira paphewa, linalo likumuika nsalu yonyowa pamphumi. Maso aja ndinkadalira anali atayang'ana kolakwika.

Tinali titadutsa Muona pamene ndinamva tswaa pansi pa matayala, ndi fungo la masamba aawisi otunduzika. Nditayang'ana msewu umene tinkausiya m'mbuyo, ndinaona masamba atayalidwa modutsa, matayala athu atawadula pawiri. Bwana Kumanja anali atawaona bwinobwino, koma kwa iye anali masamba chabe. Ndinakuwa kuti aime, ndikutembenuka, ndipo nthawi yomweyo tinakhota. Kutsogolo kwathu msewu unali wodzaza anthu, amuna atanyamula chithatha cha maliro pamapewa, amayi m'mbuyo mwawo. Anthu a kuno ankadziwa kuti galimoto imayenda kumanzere, choncho atamva injini onse anathawira mbali inayo pamodzi ndi chithathacho, kutisiyira mbali yathu. Koma munthu akadzidzimuka manja amabwerera kwawo. Bwana Kumanja anakhotera kumanja, komwe kunali anthu.

Sindinaganize za Tsabola. Ndinagwera pa chiwongolero ndi thupi lonse n'kukokera kumanzere. Galimoto inachoka mumsewu, inalowa m'udzu, inathamanga kamtunda ndithu, kenako inagunda chulu n'kuima. Tayala la kutsogolo linali litathyoka masipoko onse. Dona anagwera pansi pakati pa mipando, koma sanavulale. Pamsewu palibe amene tinamukhudza.

Amuna anatithamangira, ena ali ndi makasu okumbira manda. Sindinawaone olakwa. Bwana Kumanja ankakuwa m'Chingerezi, iwo ankakuwa m'Chimang'anja ndi m'Chisena, ndipo wakumva zonsezo ndinali ine ndekha. Ndinavula kapu n'kugwada pa udzu. Panabwera mkulu wina wamfupi, wa imvi, amene ndinadziwa pambuyo pake kuti ndi a Fombe, eni mbumba ya womwalirayo. Sanakweze mawu.

"Mwana iwe, ndiwe wa kuti?"

"Wa ku Chiromo, mbuya."

"Ku Chiromo masamba sayala?"

"Amayala, mbuya. Mzunguyu ndi mlendo, sadziwa. Woyenera kumuuza ndinali ine, ndipo sindinamuuze. Kulakwa n'kwanga."

Pamene ndinkalankhula choncho amayi ena anali atasuzumira m'galimoto. Mmodzi anakhudza dona pamphumi n'kubweza dzanja msanga, kenako ananong'oneza anzake, ndipo phokoso lonse linazirala. A Fombe anapita kukaona okha. Atabwerera ndinawafotokozera za sitima. Anayang'ana dzuwa, n'kuyang'ananso kum'mawa, kumene utsi unali kukwera kuseri kwa mitengo.

"Ukuuona utsi uwo?" anatero. "Atentha dzulo ku phiri. Mphepo ikatembenuka masana ano, moto ufika pano pomwe wagwadapa. Tsono tamvera. Maliro sangabwerere kumudzi, ndiponso sangagone pamsewu, ayenera kukalowa. Anthu onse sindingakupatse. Ndikupatsa amuna asanu ndi mmodzi. Akhoza kunyamula chitsulo chakochi kutsogolo n'kuchikokera kumsewu kopanda udzu, koma imeneyo ndi ntchito ya nthawi, ndipo sitimayo ikusiyani. Kapena anyamule mayiyu pa machila kuyambira tsopano lino, mwina mukaipeza. Zonse ziwiri sizitheka. Usankhe wekha."

Ana anga, ndikanakonda kulemba kuti ndinayankha pomwepo. Sindinatero. Ndinayang'ana galimoto ija, ndinaona jekete langa, ndinaona mayi anu amene anali ndi pakati pa mkulu wanu woyamba. Lamulo loyamba ndinali nditaswa kale, koma limenelo mwina Tsabola akanalimva, poti ndinapulumutsa anthu. Galimoto kupsa ine kulibe, chimenecho sakanachimva. Ndinaganizanso zoti amunawo apite ndi dona, ine nditsale ndilambule udzu mozungulira galimoto ndi manja. Koma bwana Kumanja sankadziwa liwu n'limodzi lomwe la kuno, onyamulawo sankadziwa lake, ndipo pa siteshoni pankafunika wina wokakamiza kuti sitima idikire ndi kuti wodwala amulandire. Popanda ine akanafika ngati osalankhula. Bwana Kumanja anandigwira pamkono n'kufunsa chimene mkuluyo wanena. Ndinamuyang'ana, ndipo ndinachita manyazi kuti ndaima nthawi yonseyo ndikuwerengera.

"Machila, mbuya," ndinatero.

Tinang'amba tenti ya denga la galimoto n'kuimangirira pa mtengo wautali umene anyamata anadula pomwepo. A Fombe analoza amuna asanu. Asanaloze wachisanu ndi chimodzi, panatuluka mwamuna wina wowonda, wa maso ofiira, n'kukagwira mtengo kutsogolo. Amayi anang'ung'udza, wina anamugwira nsalu, koma iye sanacheuke. A Fombe anamuyang'ana kanthawi n'kungoti, "Musiyeni." Ine sindinalabadire, mtima unali pa dzuwa.

Onyamula machila amathamanga akuimba kuti mapazi agwirizane, koma tsiku limenelo panalibe nyimbo. Kunkangomveka mapazi ndi kupuma. Ankasinthana awiriawiri osaima, kupatula wowonda uja, amene aliyense akafuna kumulandira ankangopukusa mutu. Ine ndinkathamanga pambali ndi botolo la madzi, kumadonthezera dona pamilomo. Tili m'njira bwana Kumanja anandifunsa, mawu akudukaduka, chifukwa chimene anthu aja anakwiyira chotero pamene sitinagunde munthu. Ndinamuuza za masamba, zonse zimene ndikanamuuza tsiku loyamba pamthunzi paja. Kenako anavula chipewa chake chachikulu chija n'kuchigwira m'manja. Ndinamuuza kuti avale, dzuwa la Okutobala limapha mzungu, ndipo maliro tawasiya kutali. Anakana, ndipo anafika pa Makhanga mutu uli pamtunda, wofiira ngati wasendedwa.

Sitima tinaimva ikulira tisanaone siteshoni. Ndinawasiya n'kuthamangira kutsogolo, ndipo ndinakaima pamaso pa mkulu wa siteshoni ndikulankhula zilankhulo zitatu nthawi imodzi mpaka anamva. Anaigwira sitimayo. Dona tinamukweza ali chikomokere koma akupuma. Bwana Kumanja anafuna kupatsa onyamula aja wotchi yake, koma mmodzi anabweza dzanja lake mwaulemu, n'kundiuza kuti ndimuuze kuti iwo achokera pa maliro, ndipo za pamaliro salipiritsa. Iye analira poyera, munthu wamkulu, n'kugwira chanza aliyense. Kwa ine anati akalemba kalata kwa Tsabola. Sitima inanyamuka.

Pobwerera tinayenda pang'onopang'ono. Mphepo inali itatembenuka monga ananenera a Fombe. Tinapeza tchire lonse lili bii, zitsa zikufuka. Galimoto inali pomwe paja pa chulu, zitsulo zokhazokha. Madebe a petulo anali ataphulika, mipando kulibe, matayala atasungunuka. Ndinakhala pa chulucho kanthawi, phulusa likunditentha, onyamula aja n'kundisiya kupita kwawo.

M'mawa mwake ndinaima pakhonde la ofesi. Ndinkayembekezera kutukwanidwa, koma Tsabola anamvetsera nkhani yonse mpaka kumapeto, ndipo zimenezo zinandiopsa koposa. Pomaliza anafunsa mafunso awiri.

"Unagwira chiwongolero?"

"Ndinagwira, bwana."

"Unaisiya yokha?"

"Ndinaisiya, bwana."

"Vula jekete."

Sindimuda munthu uja. Galimoto ija inali mbali yaikulu ya chuma chake, ndipo ina sanagulenso. Koma anakana kundilembera kalata ya umboni, ndipo masiku amenewo wopanda kalata ya mzungu palibe amene akanamupatsa chiwongolero. Mbiri inayendanso pakati pawo kuti Alufandika ndi uja anatenthetsa galimoto. Sindinayendetsenso mpaka lero, ndipo zinandipweteka zaka zambiri, sindibisa. Ndinafika kunyumba ndi malaya am'kati okha. Mayi anu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Miyendo yonse mwabwera nayo? Basi, khalani pansi."

Patapita masabata awiri

A Juwawo anandipeza ndikulima ku dimba la apongozi. Anati kalata ija yafika kuchokera ku Blantyre. Dona wadzuka, wayamba kudya, ndipo adokotala akuti akanachedwa tsiku limodzi sakanamupeza. M'kalatamo munali mawu ambiri onena za ine. Tsabola anaiwerenga kawiri, n'kuipinda, n'kunena kuti kalata ilibe matayala. "Pepa, shamwali," anatero a Juwawo, ndipo anandisiyira fodya wawo yense.

Ndinaona kuti anthu a kumudzi kuja ayenera kumva, ndiponso maliro aja ndinali ndisanapepese. Ndinagwira nkhuku, mayi anu anandipatsa ufa m'kansengwa, ndipo ndinanyamuka wapansi. M'njira monse ndinkakonza mawu. Ndinkafuna ndikawauze za dona, komanso, kunena zoona, ndinkafuna ndikawauze zimene zandigwera, kuti nawonso adziwe mtengo umene ndalipira.

A Fombe anandilandira pakhonde la kanyumba kena kakang'ono. Pambali pawo panakhala mwamuna wometa mpala, ndipo nditayang'anitsitsa ndinazindikira kuti ndi wowonda uja amene anakana kulandiridwa. Paphewa pake panali chilonda cha mtengo wa machila, chisanapole. Ndinapereka chipepeso, ndinapepesanso za masamba, kenako ndinanena kuti dona uja wachira.

"Takhuta," anathokoza a Fombe m'Chisena. Anatembenukira kwa mwamunayo. "Wamva, Sande? Wachira." Kenako anandiuza ine kuti, "Uyu ndi mkamwini wathu. Amene tinkakaika tsiku lija ndi mkazi wake, mwana wa mlongo wanga. Anapita ndi matenda omwewo."

Ndinasowa poyang'ana. Ndinafunsa mopusa kuti, "Ndiye kumanda simunafike, achimwene?"

"Ndinapeza atakwirira," anayankha. Anafikisa chala pa mphasa, kenako anati, "Wanga ndinakhala naye m'nyumba muno masiku atatu, ndikuti mawa adzuka, mawa adzuka. Tsiku limene ndinati ndimunyamule, mtengo wa machila n'nali nditadula kale, koma anali atapita. Ndiye nditaona uja m'galimoto, ndinati uyu yekha afike."

Za jekete langa sindinazitchule.